"Mfiti" ya ku Harwell Inauka Patapita Zaka 39

Pa 20 Novembala 2012 anthu anasonkhana ku Bletchley Park, m'dziko la England, kudzaona cinthu cacilendo. Makina a kompyuta amene anakhala ali gone kucokera mu 1973 anayatsidwa, timagetsi tace tinayamba kuphethira, ndipo anayambanso kuwerengera masamu monga kale. Pakati pa oonerera panali nkhalamba ziwiri mwa amuna atatu amene anawapanga.

Makinawa anapangidwa ku Harwell, malo ofufuzirako za mphamvu ya atomu, ndi a Ted Cooke-Yarborough, a Dick Barnes ndi a Gurney Thomas. Nchito inayamba mu 1949, ndipo makina anayenda koyamba mu 1951. Kulemera kwace ndi matani awiri ndi theka. Mkati mwace muli mababu agalasi 828 ochedwa dekatron. M'babu lirilonse muli kadontho ka kuwala kamene kamadumpha pa malo khumi ozungulira, ndipo pamene kaima ndiyo nambala imene makina asunga. Motero munthu angathe kuona ndi maso ace masamu alikuyenda.

Liwiro analibe. Kucurukitsa manambala awiri kunali kutenga masekondi 5 kufikira 10. Katswiri wina wa masamu, a Bart Fossey, anapikisana nao ndi kamakina ka pa tebulo, nayendera nao pamodzi kwa theka la ora, koma pambuyo pace analema. Makinawo anangopitiriza, pakuti ubwino wace unali wakuti satopa.

Mu 1957 anaperekedwa ku sukulu ya zaumisiri ya ku Wolverhampton, kumene anapatsidwa dzina lacidule lakuti WITCH, liu limene m'Cingerezi litanthauza mfiti. Anaphunzitsa ana a sukulu mpaka 1973, pamene anatumizidwa ku nyumba yosungiramo zakale ku Birmingham. Nyumbayo itatsekedwa mu 1997, makina anaphwasulidwa naikidwa m'nyumba ya katundu. Mu 2008 a Kevin Murrell, amene anawaona ali mnyamata, anazindikira mbali yace ina pa cithunzi. Caka cotsatira zidutswa zonse zinatengedwa kupita ku Bletchley Park, ndipo gulu la anthu ogwira nchito mongodzipereka, lotsogozedwa ndi a Delwyn Holroyd, linayamba kuzikonza.

Munthu wosadziwa angaganize kuti cofunika ndi kupukuta pfumbi, kulumikiza mawaya ndi kuyatsa basi. Amisiri satero. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Pa makina alionse akale, mbali yoopsa koposa ndi imene ilandira magetsi a m'nyumba niwasandutsa kukhala mphamvu yoyenera ziwalo zina. Mbali imeneyi iri ngati mtima: ikapopa mopyola muyeso, thupi lonse lionongeka m'kamphindi.

Zobvuta zace zidziwika. Mphira wokuta mawaya umauma ndi kusweka ukakalamba, ndipo mawaya awiri amaliseche akakhudzana pamabuka moto. Mulinso tizitini tosunga mphamvu ya magetsi, tochedwa makapasita. Tina mwa ito tiri ndi mankhwala amadzi mkati. Tikakhala zaka zambiri osagwira nchito, mankhwalawo amauma kapena kutayika, ndipo kakhungu kopyapyala koteteza mkati mwace kamafooka. Kuthira magetsi onse nthawi imodzi pa kacitini kotere kungakaphulitse.

Cifukwa ca ici mmisiri wanzeru amayamba walekanitsa mbali ya magetsi ndi makina ena onse. Amayesa ciwalo cimodzicimodzi. Kenaka amalowetsa magetsi ocepa kwambiri, nawaonjezera pang'onopang'ono kwa maora angapo, kuti kakhungu kaja kapangikenso. Pamalo pa makina eni ace amalumikizapo mababu wamba kapena zina zongodya magetsi, kuti ngati mphamvu ituluka yolakwika, cimene cipse cikhale cinthu ca mtengo wocepa. Akakhutira ndi miyeso yonse, ndipo pamene amabwezera mawaya ku makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku Bletchley Park kudekha kumeneku kunali kofunika koposa, pakuti mababu a dekatron amafuna mphamvu ya mavoti mazana angapo, ndipo mafakitale analeka kale kuwapanga. Nchito inatenga zaka zitatu, koma ziwalo zambiri zimene zirimo lero ndi zomwe zija za mu 1951. Mu 2013 a Guinness World Records anabvomereza kuti iyi ndiyo kompyuta yakale koposa pa dziko lonse imene ikali kugwira nchito ndi ziwalo zace zoyambirira.

Nzeru yomweyi ithandiza ndi pa mudzi pomwe. Wailesi imene yakhala m'bokosi zaka zambiri isayatsidwe msanga. Mwini wace ayambe waona ngati mabatire akale sanatayire madzi ace pa tizitsulo, ndiponso ngati makoswe sanadye mawaya. Wailesi yakanema yakale, ya cimimba kumbuyo, isatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira nchitoyo, cifukwa imasunga mphamvu yoopsa mkati ngakhale itazimitsidwa ndi kucotsedwa ku magetsi. Imeneyo ipite kwa mmisiri.