Antony wa ku Egypt ndi Pemphero la Payekha

Cha m'ma 285, Antony wa ku Egypt anakadzitsekera m'linga lakale ku Pispir, kum'mawa kwa mtsinje wa Nile. Anakhalamo zaka pafupifupi 20, akum'bweretsera buledi kawiri kokha pa chaka. Athanasius, amene analemba mbiri yake, akusimba kuti kumeneko Antony sanapeze bata msanga, koma nkhondo ya mayesero.

Mkhristu wopemphera yekha kuchipinda amaidziwa nkhondo imeneyi. Akangotseka chitseko, maganizo a ngongole, mkwiyo wa dzana ndi tulo zimamufikira. Kutchalitchi nyimbo ndi anzake zimamuchirikiza. Kuseri kulibe womugwira mkono, ndiponso kulibe woti amuonetsere kupembedza kwake.

Antony atatuluka, cha m'ma 305, anthu anazizwa pomuona wathanzi ndi wodekha, ndipo ambiri anamanga misasa pafupi naye.