Ku Hidcote anthu amalipira kuti akaone maluwa omwe ife timatchetcha

Ndinalowa m'munda wa Hidcote foni ili m'manja, cholinga chili chimodzi basi: kujambula chithunzi chooneka bwino choika pa WhatsApp. Sindinachedwe kuzindikira kuti sizitheka. Mundawu sulola kuti munthu auone wonse nthawi imodzi.

Hidcote ndi nyumba yakale ya eni malo pafupi ndi tauni ya Chipping Campden, m'chigawo cha Gloucestershire ku England. Nyumbayo ndi yokongola ndithu, koma alendo sabwerera nyumba. Amabwerera munda wamaluwa wa maekala pafupifupi 10 womwe uli pambali pake.

Anauyamba ndi Lawrence Johnston, yemwe anabadwira ku Paris mu 1871 kwa makolo a ku America. Mayi ake, Gertrude Winthrop, anagula malowa mu 1907. Malowo ali pamtunda pomwe mphepo imaomba mosanyengerera, ndiye Johnston anadzala mipanda yamitengo yoti izimetedwa mpaka kuoneka ngati makoma. Mipandayo inatchinga mphepo, komanso inagawa munda kukhala zipinda zopanda denga.

N'chifukwa chake foni inandikanika. Ukalowa pakhomo lina umapeza chipinda cha maluwa oyera okhaokha. Ukadutsa kakhomo kena, pali dziwe lozungulira, madzi ali phee. Kutsogolo kuli mizere iwiri ya maluwa ofiira ngati makala amoto, yomwe amaitcha Red Borders. Ukakwera masitepe umafika pa mitengo yometedwa mwa makona anayi, itaima pa thunthu zoonda ngati anthu oyenda pa ndodo zazitali. Nanga fungo la lavender, yemwe mtundu wake wina wodziwika padziko lonse umatchedwa Hidcote, ungalijambule bwanji? Njuchi zinali piringupiringu, ine foni ndinaibweza m'thumba.

Chomwe chinandiimitsa kwambiri ndi maluwa ena omwe ndinawaona ngati achibale. Johnston sankangokhala pakhonde kudikira mbewu. Mu 1927 anayenda ulendo wa miyezi ingapo wofufuza zomera kuchokera ku Cape Town mpaka ku Victoria Falls, ndipo mu 1930 anapita ku Yunnan, ku China. Maluwa ambiri omwe Angerezi amanyadira m'minda yotereyi, monga agapanthus, crocosmia ndi kniphofia, kwawo ndi kuno ku Africa. Mitundu ina ya crocosmia ndi kniphofia imamera yokha m'mapiri a ku Malawi, popanda wothirira kapena woipalira.

Tangoganizani. Kumeneko munthu amalipira pakhomo, kuwerama, kuwerenga dzina la duwa, kenako n'kukagula mbande yake. Kuno duwa longa lomwelo tikalipeza m'mbali mwa njira timati ndi tchire, chikwakwa chidutsepo.

Tisanamizane, munda ngati uwu sunamere ndi chikondi chokha. Panali ndalama za banja lolemera, komanso antchito omwe ankakumba, kumeta ndi kuthirira chaka ndi chaka, ngakhale mbiri imapita kwa bwana. Komabe ndalama sizifulumizitsa mtengo. Johnston anasamalira mundawu zaka pafupifupi 40 asanaupereke ku bungwe la National Trust mu 1948, ndipo anali malo oyamba omwe bungwelo linalandira chifukwa cha munda wokha. Iye anamwalira ku France mu 1958, koma mipanda yake ikumetedwabe mpaka lero.

Ife tili ndi chuma chomwe Johnston anachita kuwolokera nyanja. Ku Nyika kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, koma macheka ndi moto zatsala pang'ono kuumaliza. Chinthu chomwe sudziwa dzina lake sichikupweteka chikatha.

Simukufunika visa kuti muyambe. Minda ya zomera ya boma ilipo ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Loweruka likubwerali tengani anzanu mupiteko. Jambulani, palibe vuto, koma musatuluke musanadziwe mayina a zomera zitatu. Mukafika kunyumba, muwaonetse agogo zithunzizo. Mwina iwo akuuzani dzina la Chichewa lomwe pa chikwangwani panalibe, ndi ntchito yake yomwe.