ATSEKWE A M'THENGO NDI ZISA ZAO

Alimi anzathu, atsekwe amene muwaona m'madambo sacokera ku maiko akutali ai. Abadwira kuno kwathu, nakhala nafe caka conse. Cifukwa cace tikaononga zisa zao, mbeu yao idzatha pakati pathu.

Atsekwe akulu ali a mitundu iwiri. Woyamba ndiye wakuda, wa pamimba poyera, wokhala ndi conga munga pa phiko. Iye aswa pa dzinja, makamaka kuyambira Januwale kufikira Malici. Wamkazi abisa cisa m'udzu wautali pafupi ndi madzi, kapena pa culu, naikira mazira 6 kufikira 14. Awafungatira yekha kwa mwezi wathunthu.

Waciwiri ndiye wofiirira, wa banga lozinga diso, amene ena amuti tsekwe wa ku Egypt. Ameneyu akonda kuswa mvula itatha, m'mphako ya mtengo kapena pa cisa cakale ca nanchengwa. Tiana tace tikaswedwa tidumphira pansi, ndipo makolo onse awiri atitsogolera kumadzi. Papita masabata 10 tisanayambe kuuluka, ndipo masiku onsewo ng'ona, mng'azi ndi agalu atisaka.

Abale athu a ku Kanyama ndi ku Chawama aona madzi alikuima m'makomboni pa dzinja, koma tsekwe safuna madzi okha. Afuna udzu wobisalamo ndi malo a bata. Malo otere ali kumadzulo ca kumwera kwa Lusaka, m'cigwa ca Kafue, kumene Boma linapatula Lochinvar ndi Blue Lagoon kuti nyama ndi mbalame zisungike. Dambo la kwanu lingathe kugwira nchito yomweyo.

Nzoona kuti atsekwe adya mpunga ndi cimanga congomera kumene. Mankhwala ace ndiwo kulonda munda m'mamawa ndi madzulo, ndi kuimika zoopsezera. Kutola mazira si mankhwala ai. Ndiko kudya mbeu yosungira caka camawa. Kumbukiraninso kuti lamulo la nyama za m'thengo la 2015 liletsa kusaka popanda cilolezo.

Tsono citani izi: siyani udzu wa m'mphepete mwa dambo wosatema ndi wosaocha, mangani agalu pa nyengo yakuswa, ndipo uzani ana oweta ng'ombe kuti akapeza cisa acilambalale.