Kusowa mwana: tiyambe tapimitsa tisanagulitse mpunga

Kuno ku Chama, banja likatha zaka ziwiri lopanda mwana, onse amaloza cala mkazi. Ife akatekisiti timamva madandaulo otere kawirikawiri. Komatu bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vutoli pa moyo wake, ndipo nthawi zambiri cifukwa cimapezekanso kwa mwamuna.

Ena akutifunsa za njira ya IUI imene imacitika m'zipatala zolipira ku Lusaka. Dokotala amatenga mbeu ya mwamuna, kuitsuka, ndi kuilowetsa m'cibaliro ndi kapaipi kakang'ono pa masiku amene dzira lakhwima. Pa ulendo umodzi, mwa akazi 10 ndi mmodzi kapena awiri amene amatenga mimba. Ngati njira zonse ziwiri za mazira zinatseka, monga zimacitikira ndi matenda opatsirana osacizidwa, IUI siithandiza konse.

Mpingo unalankhulapo mu kalata ya Donum Vitae ya 1987. Mbeu ya mwamuna wina ndiyoletsedwa, monga momwe timakanira mwambo wa fisi. Ngakhale ikhale ya mwini banja, thandizo la dokotala lisalowe m'malo mwa kukhalira pamodzi kwa awiriwo. Mankhwala ndi opaleshoni zociza vutolo ndizololedwa.

Conco abale, musanagulitse matumba a mpunga, pitani nonse awiri kucipatala mukapimidwe, mukambiranenso ndi abambo mfumu. Apongozi, lekani kuthamangitsa mkazi. Ukwati wopanda mwana ndi ukwati ndithu pamaso pa Mulungu.