Dimba la pamodzi pa mchenga wa kunyanja



Mwera ukayamba kuwomba mu Juni mpaka Ogasiti, mabwato amakhala pamtunda masiku angapo, ndipo nyumba zambiri zimagona ndi nsima yopanda ndiwo. Mu Novembala ndi Disembala makoka ena akaletsedwa kuti chambo chiswane, vuto lomwelo limabweranso. Ndi chifukwa chake midzi ina yatchinga malo amodzi, banja lililonse n'kukhala ndi mabedi ake m'katimo. Mpanda umodzi umakwanira tonse, chitsime chimodzi, ndiponso mbuzi zikalowa wina aliyense amathamangitsa chifukwa zake zili momwemo.

Koma ambiri amagwa ulesi mwezi woyamba. Amati, nyanja ili apa, tikuthirira m'mawa ndi madzulo, nanga mpiru ukufotanji? Abale, vuto si madzi ayi, ndi nthaka. Mchenga wa kuno kwathu, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, uli ngati dengu. Mukathira keni imodzi madzi amangodutsa, n'kutenga ndi feteleza yemwe mwagula modula uja kupita naye pansi pomwe mizu sifika. Chomwe chimagwira madzi mumchenga ndi zinthu zowola, ndipo zimenezi tili nazo zambiri, kungoti timataya.

Kumbani dzenje lofika m'chiuno pamthunzi. Pansi yalani mapesi ndi udzu wouma, pamwamba pake ndowe za mbuzi, ng'ombe kapena zitosi za nkhuku, kenako masamba aawisi, phulusa pang'ono ndi dothi. Bwerezani choncho mpaka lidzale. Matumbo ndi mamba a nsomba, zomwe zimangonunkha padoko, ndi chakudya chabwino kwambiri cha nthaka, koma muziike pakati penipeni n'kukwirira bwino, apo ayi agalu ndi ntchentche zikupezani. A ku Malombe ndi m'mbali mwa Shire muli ndi namasupuni amene amakutsekerani njira ya bwato: muvuuleni, aume padzuwa kaye, ndiye alowe m'dzenjemo. Muziwaza madzi kuti mukhale chinyezi, osati chithaphwi, ndi kutembenuza pakatha milungu itatu kapena inayi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amada bii, fungo lake ngati dothi la mvula yoyamba. Ndowe zaziwisi musathire pa mbande, zimawotcha.

Ena amatifunsa kumzikiti ngati ndowe si najisi. M'madhihabu ya Imam Shafi'i, yomwe ambiri kuno timatsata, ndowe ndi najisi ndithu, koma kuthira kumunda sikuletsedwa ndipo mbewu yomera pamenepo ndi halali. Chofunika n'chakuti ndiwo zitsukidwe bwino, inunso musambe ndi kusintha chovala musanaime pa swala.

M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono ngati mbale, mulifupi mita imodzi kuti dzanja lifike pakati osapondapo. Lokwera m'mwamba ndi la nthawi ya dzinja. Mukawokera, phimbirani ndi udzu wouma. Bedi lophimbira mukalipisa chala masana mupeza muli chinyezi, pamene la pambalambanda lauma kale gwa.

Za mbewu, ife timati yambani ndi zathu zomwe. Bonongwe mumayamba kuthyola patangotha mwezi, ndipo dzuwa la Okutobala saliopa. Luni, chisoso, chitambe, nkhwani ndi therere sizifuna mbewu ya m'sitolo, mumasunga nokha. Repu, mpiru ndi kabichi zimakonda miyezi yozizira ya mwera. Kumapeto kwa mabedi ikani anyezi, adyo ndi tsabola wa kambuzi, ndipo m'mbali mwa mpanda bzalani chammwamba, chifukwa nthambi yake mukangoizika imaphuka, masamba ake n'kukhala ndiwo ya ana.

Tomato ndiye amakopa aliyense poti ali ndi ndalama, komanso ndi amene amawononga dimba la pamodzi msanga. Mukazula tomato wofota n'kupeza mizu ili ndi timfundo totupa, dziwani kuti m'nthakamo muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, ndipo timakonda mchenga wofunda ngati wathuwu. Pamenepo musabwerezepo tomato, mabiringanya, tsabola ngakhale therere. Ikanipo chimanga kapena anyezi kaye. Mizu yodwalayo muwotche, isalowe m'dzenje la manyowa. Ndipo poti mabedi ndi ogundana, khasu la mnzanu likhoza kukubweretserani matendawa, choncho nkhani ya kasinthasintha muzigwirizana nonse pa msonkhano, osati aliyense payekha.

Pa mankhwala tiyankhule mosabisa. Chilichonse chopopera m'dimba la m'mphepete mwa nyanja chimatsikira komwe kukuswana nsomba zathu. Kutsuka sipuleya m'nyanja ndi kudzithirira poizoni mu mphika. Nsabwe za m'masamba zimagonja ndi masamba a nimu osinja, oviikidwa usiku wonse, n'kusakaniza ndi sopo pang'ono. Ombwe nawonso umapha tizilombo, koma asodzi mukuudziwa, umaphanso nsomba, ndiye madzi ake asayandikire kunyanja kapena kudambo. Amene wagula mankhwala a m'botolo awerenge masiku odikira asanathyole, ndipo auze oyandikana naye bedi, chifukwa mwana wothyola ndiwo sadziwa malire.

Madzi otunga m'bango osayenda ndi momwe muli nkhono za likodzo, kwinanso ng'ona. Musatume ana kumeneko ndi keni. Ndi bwino kukumba chitsime m'kati mwa mpanda n'kuchitchinga, poti kuno madzi sali patali. Ngati dimba lili pafupi ndi mzikiti, kumbani kangalande kuti madzi a wudhu azithera pa nthochi ndi chammwamba. Anthu amasamba kasanu pa tsiku, madzi amenewo ndi ambiri. A kuchimbudzi okha asasakanikirane nawo.

Ndondomeko yothirira ilembedwe ndi kupachikidwa pachipata. Abambo amene mwera wakutsekerani pamtunda, mayina anu alembedwenso, keni isasiyidwe kwa amayi okha. Bedi la mayi wamasiye kapena la wodwala ligawidwe kwa mabanja awiri oyandikana nalo, azilithirira mosinthana mpaka mwini wake atapeza mphamvu, insha Allah.