Dzina Pabotolo ndi Lanu, Nanga Zam'katimo Mukuzidziwa?

Mukazungulira msika wa Chilenje, kapena kulowa m'masaluni a ku Kabwata, Libala ndi Mtendere, mupeza chinthu chimene kale chinali chosowa: mabotolo a mafuta odzola olembedwa mayina a anthu a mu Lusaka momwemuno. Ambiri mwa eni ake ndi amayi ndi atsikana. Mpamba ena anaupeza pa chilimba, ena anaupatula pa malipiro a pamwezi. Malonda amayambira pa WhatsApp ndi pa Facebook, kenaka katundu amafika pa kantemba ndi pashelefu ya saluni. Ndi ntchito yolemekezeka, ndipo ndalama zimene zikanapita ku Johannesburg kapena ku Kinshasa zimatsala m'komboni.

Koma mafutawo amachokera malo awiri osiyana kwambiri. Ena amasakanizidwa kunyumba, m'ndowa, ndi mthiko. Ena amapangidwa ku fakitale imene ntchito yake ndi kupangira anthu ena katundu: mwini dzina amalipira, fakitale imasakaniza, kuthira m'mabotolo ndi kumata chizindikiro chake. Mafakitale otere ndi ambiri ku Johannesburg ndi ku Guangzhou, ndipo wamalonda wa ku Chilenje angathe kukambirana nawo pafoni osakwera ndege. Ena amakupatsani mafuta amene ali nawo kale, inu n'kungoikapo dzina, moti mafuta omwewo akhoza kupezeka pamsika ndi mayina a anthu enanso. Ena amakukonzerani anuanu, koma pamenepo mtengo umakwera, nthawi imatalika, ndipo salola kupanga ochepa. Amafuna muitanitse mabotolo mazanamazana, mwinanso masauzande.

Anthu akamawerengera ndalama amayang'ana kukongola kwa botolo, fungo, ndi mtengo wonyamulira katundu. Ine ndimaona kuti chenicheni chimene munthu amalipirira fakitale ndi zinthu zimene maso saona. Fakitale ikalephera kukuonetsani umboni wa zinthuzo papepala, palibe chimene yasiyana ndi ndowa ya kuseri kwa nyumba.

Nkhani imayambira pa madzi. Agogo athu ku Chipata, ku Katete ndi ku Malawi ankakazinga nsatsi, kuzisinja, kuziwiritsa, n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba. Mafutawo ankatha miyezi m'nsupa osavunda, chifukwa munalibe madzi, ndipo tizilombo sitiswana m'mafuta okhaokha. Loshoni wa lero ndi wina. Kawirikawiri magawo 60 mpaka 80 pa 100 alionse amakhala madzi. Otsalawo ndi mafuta, glycerine, fungo, ndi mankhwala ogwirizanitsa madzi ndi mafuta kuti zisalekane. Kwa mabakiteriya ndi chuku, chimenecho ndi chakudya, ndipo loshoni wosatetezedwa amawonongeka monga zimachitira ndiwo za msuzi zikagona osafunditsa. Choopsa n'chakuti akhoza kudzaza tizilombo fungo ndi maonekedwe zisanasinthe.

Kachilombo kena kotchedwa Pseudomonas aeruginosa kamakonda malo a chinyezi, ndipo kakalowa m'diso kapena pabala kamayambitsa matenda ovuta kuchiza. Kena ndi Staphylococcus aureus, kamene kamatulutsa zithupsa ndi mafinya. Munthu wathanzi wa khungu losang'ambika mwina sangaone kanthu. Koma botolo lomwelo limadzozedwa khanda, limadzozedwa bambo amene angometa ndevu, limadzozedwa wodwala shuga kapena amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Ife a mu Lusaka madzi athu timawadziwa. Mzindawu unakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, motero zotuluka m'zimbudzi zokumba zimafika msanga m'zitsime zosaya, makamaka ku Kanyama ndi ku George. Kolera ya mu October 2017 ndi ija inayamba mu October 2023 zinatikumbutsa zimenezi mowawa. Loshoni safalitsa kolera, koma madzi amene angalowe zoipa zotere si oyenera kukhala m'botolo miyezi isanu ndi umodzi. Ngakhale madzi abwino akumwa a muno ali ndi laimu wambiri, uja amayeretsa pansi pa ketulo, ndipo amasokoneza kasakanizidwe ka mafuta. Fakitale yeniyeni imasefa madzi ake ndi makina ochotsa mchere ndi tizilombo, n'kumawayeza nthawi ndi nthawi. Malamulo a kapangidwe kaukhondo ka zodzoladzola analembedwa mu muyezo wa ISO 22716 wa chaka cha 2007, ndipo funso loyamba kwa fakitale likhale lakuti kodi ili ndi chiphaso chake, ndipo anapereka ndani.

Madzi oyera okha sakwanira, pakuti chala chikangolowa m'mtsuko tizilombo talowa. N'chifukwa chake amathiramo mankhwala oteteza kuti asawonongeke. Ndipo sangongoganizira kuti akugwira ntchito, amayesa. Ku labotale amatenga loshoni n'kuthiramo dala mitundu isanu ya tizilombo, kenaka n'kuwerenga totsala pa tsiku la 7, la 14 ndi la 28. Tikapanda kuchepa mokwanira, kasakanizidweko kalephera. Miyezo yapadziko lonse imalola tizilombo tosapitirira 1,000 pa galamu imodzi ya mafuta wamba, ndi tosapitirira 100 pa mafuta a ana osakwana zaka zitatu kapena opaka pafupi ndi maso. Tizilombo tiwiri tija, Pseudomonas ndi Staphylococcus, sitiyenera kupezekamo n'komwe.

Choncho mawu amene afala pamalonda akuti mafuta awa ndi achilengedwe, mulibe mankhwala alionse, amandidetsa nkhawa akalembedwa pa loshoni wamadzi. Ngati ndi zoona, botololo si lotetezeka. Ngati si zoona, wogula wanamizidwa. Komanso mankhwala otetezawo ali ndi malire ake. Methylisothiazolinone anatupitsa ndi kuyabwitsa makungu a anthu ambiri ku Ulaya, mpaka mu 2017 mayiko a European Union anamuletsa m'mafuta osatsuka. Fakitale yotchipa ingakhale ikumugwiritsabe ntchito, ndipo mwini dzina amene sawerenga mndandanda wa zosakaniza sangadziwe.

Palinso kutentha. Katundu amayenda m'thiraki kudzera ku Chirundu kapena ku Nakonde, n'kukakhala pa kantemba ka malata mwezi wa October. Mafakitale osamala amaika zitsanzo pa madigiri 40 kapena 45 kwa miyezi itatu, kuona ngati mafuta alekana ndi madzi, ngati fungo lasintha, ngati pulasitiki ya botolo yayamba kulowerera. Amayezanso pH, chifukwa khungu la munthu limakhala cha pa 4.5 mpaka 5.5, ndipo mafuta otalikira kwambiri pamenepo amaliuma kapena kuliwotcha. Tsiku lothera ntchito lolembedwa pabotolo liyenera kuchokera pa mayeso amenewa.

Tsopano tifike pa funso limene aliyense wogulitsa mafuta mu Lusaka analimvapo: “Kodi amayeretsa?” Apa ndi pamene pali ndalama zamsangamsanga, ndipo apa ndi pamene anthu avulazidwa kwambiri.

Khungu lathu limada chifukwa cha melanin, amene amatiteteza ku dzuwa. Mu Lusaka, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, chitetezo chimenecho si chochepa. Mafuta amene amayeretsa munthu m'masabata awiri kawirikawiri amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu: mercury, hydroquinone, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid.

Mercury amaletsa khungu kupanga melanin, koma sathera pakhungu. Amalowa m'magazi n'kukaunjikana mu impso ndi m'mitsempha ya ubongo. Mu 1972 madokotala a ku Nairobi analemba za amayi achichepere amene ankabwera otupa thupi, impso zikutaya mapuloteni mumkodzo, ndipo ambiri mwa iwo ankadzola mafuta oyeretsa okhala ndi mercury. Zizindikiro zina ndi kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusowa tulo ndi kukwiya msanga, zimene m'banja angaziyese nkhawa chabe kapena kulodzedwa. Amafikanso kwa mwana m'mimba ndi kudzera m'mkaka wa m'mawere, ndipo amatsalira pa matawulo ndi zofunda, moti ngakhale amene sadzola amamulandira. Pangano la Minamata, limene linatchedwa dzina la mzinda wa ku Japan kumene mercury wa m'fakitale anapha ndi kulumaza anthu, linayamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo Zambia ili m'gulumo. Poyamba linalola gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni. Mu 2023 ku Geneva mayiko anagwirizana kuti pofika 2025 mercury asathiridwenso m'zodzoladzola ngakhale pang'ono. Komabe mafuta ena oyezedwa m'misika ya mayiko osiyanasiyana apezeka opitirira mlingo wakalewo maulendo masauzande, dzina la mercury lisakuoneka pabotolo.

Hydroquinone ndi mankhwala enieni, amene madokotala a khungu amalembera odwala kwa nthawi yochepa, pa malo ochepa. Akadzoledwa nkhope yonse kwa zaka, padzuwa, amachita zosiyana ndi zimene munthu ankafuna: masaya, chipumi ndi khosi zimada mothimbirira, khungu n'kukhala lokhakhala, ndipo kubwezeretsa n'kovuta kwambiri. Dokotala wa ku Pretoria, George Findlay, ndi anzake anafotokoza nthendayi mu 1975, itagwira amayi ambiri akuda a ku South Africa. Dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, madokotala ndi olimbana ndi tsankho atamenyera limodzi nkhondoyo. European Union inatsatira mu 2001, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kulanda mafutawa m'misika mu 2018.

Chachitatu, chimene chafala masiku ano, ndi timachubu ta clobetasol ndi betamethasone, timene ena amafinyira m'mtsuko wa mafuta wamba n'kugulitsa ngati chinsinsi chawo. Masabata oyamba nkhope imasalala, wogula n'kuuza anzake. Kenaka khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu ndi zipere zimabuka, m'khwapa ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yofiirira yosachoka, mabala amachedwa kupola. Wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali akhoza kuyamba shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Akasiya, nkhope imatentha ndi kufiira, ndiye amabwerera kukagulanso. Malonda amaoneka ngati akuyenda, koma chimene chikubweza kasitomala ndi kuvulala kwake.

Kupita ku fakitale sikutseka khomo limeneli pakokha. Alipo opanga amene, akamva kuti mukufuna zotsatira zamsanga, amathira zoletsedwa osakuuzani. Njira yake ndi kutenga chitsanzo cha katundu amene wafikadi, osati chija anakutumizirani poyamba, n'kukachiyezetsa ku labotale imene si ya fakitaleyo. Zilipo zosakaniza zololedwa zochepetsa mabala otsala ndi ziphuphu, monga niacinamide ndi vitamini C, ndipo zimagwira pang'onopang'ono kwa miyezi, osasintha mtundu wa munthu. Za mafuta oteteza kudzuwa ndingonena mwachidule: nambala ya SPF imapezeka poyesa mu labotale, sangaiwerengere pamutu. Abale athu achialubino amaika moyo wawo pa nambala imeneyo.

Malamulo a Zambia sanasiye nkhaniyi padera. Lamulo la Medicines and Allied Substances la 2013, limene linakhazikitsa ZAMRA, limawerengera zodzoladzola pa zinthu zimene bungweli limayang'anira. ZABS imalemba miyezo ndipo ili ndi malabotale oyezera katundu, ZCSA imaona kuti miyezo yokakamiza ikutsatidwa, ndipo dzina la kampani ndi chizindikiro chake zimalembetsedwa ku PACRA. Kufika ku maofesi amenewa kuyenera kuchitika ndalama zisanatumizidwe kunja, pakuti katundu akakanidwa pa malire fakitale sibweza kanthu.

Mu mgwirizano ndi fakitale mulembedwe poyera kuti kasakanizidwe ndi ka ndani, chifukwa ambiri amadzazindikira mochedwa kuti sangasamukire kwina ndi mafuta amene anawatchukitsa. Gulu lililonse la katundu libwere ndi nambala yake yosindikizidwa pabotolo ndi chikalata cha zotsatira za mayeso. Zosakaniza zonse zilembedwe, kuyambira chochuluka kutsika. Nambala ija imaoneka yaing'ono, koma tsiku limene amayi atatu a ku Chawama adzadandaule zotupa, ndi yokhayo imene idzakuuzeni mabotolo oyenera kuchotsa pamsika.

Amene mpamba wake sungafike pa zonsezi asataye mtima, ndipo asathamangire ndowa. Angayambe ndi zopanda madzi. Dziko lino lili ndi mafuta a mungongo a ku Western Province, mafuta a nthanga za malambe za m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi, ndi phula la njuchi la ku Mwinilunga ndi Kabompo, zinthu zimene makampani akunja amazifuna. Mafuta a tsitsi kapena a milomo opangidwa ndi zimenezi saswa tizilombo mosavuta. Vuto lake ndi kusasa fungo akakhalitsa pa kuwala ndi kutentha, ndipo botolo lakuda, vitamini E pang'ono ndi kupanga ochepa pa nthawi imodzi zimathandiza.

Wogulitsa aliyense asunge botolo limodzi pa gulu lililonse la katundu, ndi kabuku kolembamo madandaulo. Kasitomala akabwera ndi nkhope yotupa, yankho lakuti pitirizani, khungu likuzolowera, ndi lolakwika: asiye kudzola, apite ku chipatala cha Chilenje kapena china chapafupi atanyamula botololo, ndipo zikavuta amutumiza kwa madokotala a khungu ku chipatala cha UTH. Amene wadzola mafuta a steroid thupi lonse kwa miyezi yambiri yekha ndiye asasiye mwadzidzidzi, chifukwa thupi lake lingakhale litachepetsa kupanga mahomoni akeake. Ameneyo dokotala amutsitsire mlingo pang'onopang'ono, n'kumuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi.