Madokotala a Mafupa Amaphunzira Bwanji?

Ntchito ya m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ya manja ndi miyendo. Wothyola tiyi amayenda m'malo otsetsereka atabereka dengu kumsana. Wina amadulira tiyi ndi mpeni wakuthwa. Wina amakwera thirakitala pamsewu woterera nthaŵi ya dzinja. Tsiku limene fupa lathyoka, ntchito imaima, ndipo chakudya cha banja chimachepa. Chotero funso lakuti ndani amalunzanitsa mafupa, ndipo anaphunzira bwanji, likukhudza khomo lililonse kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani.

Wovulala akafika pa chipatala cha boma ku Thyolo, kaŵirikaŵiri amalandiridwa ndi kiliniko ofesala wa mafupa. Maphunziro a anthu ameneŵa anayambitsidwa ku Blantyre m'chaka cha 1985 ndi Dokotala Ed Blair, pamene dziko lino linali ndi ana ambiri opunduka ndi poliyo. Ankatenga anthu odziŵa kale ntchito ya chipatala ndi kuwaphunzitsa miyezi 18: kuŵerenga chithunzi cha fupa, kukoka fupa kuti libwerere m'malo mwake, kumanga chikhakha, ndi kutsuka bala. Ambiri mwa anthu othyoka m'maboma amachira m'manja mwa iwoŵa.

Koma kuli kuthyoka kwina kofuna opaleshoni yaikulu, monga fupa la msana, la chiuno, kapena lophwanyika zidutswazidutswa. Odwala otere amatumizidwa ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, chimene ndi chipatala chophunzitsiranso madokotala. Sukulu ya udokotala inatsegulidwa kumeneko mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Njira ya dokotala wa mafupa ndi yaitali. Amayamba ndi zaka zosachepera 5 pa sukulu ya udokotala, kenaka miyezi 18 akugwira ntchito moyang'aniridwa. Pambuyo pake amaonjezera zaka 4 kapena 5 akuphunzira za mafupa pambali pa bedi la wodwala. Poyamba amangoonerera ndi kuthandiza. Pang'onopang'ono amapatsidwa mpeni, mphunzitsi ataima pafupi, mpaka atadziŵa kuloŵetsa chitsulo m'fupa la ntchafu payekha. Opaleshoni iliyonse amailemba m'buku, ndipo mayeso ake ena amaperekedwa ndi bungwe la COSECSA, lokhazikitsidwa mu 1999 kuti madokotala a opaleshoni a chigawo chino cha Africa aziphunzirira kwawo. Za mafupa a ana, monga mapazi opindika, amaziphunzira pa chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002. Ku Thyolo komweko, chipatala cha Malamulo ku Makwasa chinayamba kuphunzitsa madokotala a opaleshoni mu 2014.

Ngakhale zili choncho, luso lonseli limaposedwa ndi kuchedwa. Fupa lothyoka siliyembekeza dokotala: pakapita masabata ochepa limayamba kugwirana lokha, loongoka kapena lokhota. Likagwirana lokhota, pamafunika kulithyolanso. Fupa likaboola khungu, tizirombo timaloŵa tsiku lomwelo, ndipo mafinya a m'fupa amavuta kuchiza. Nthaŵi zina mwendo umadulidwa.

Akuluakulu anati kuongola mtengo n'poyamba. Munthu akathyoka, anzake am'mangirire chiŵalocho ku thabwa kapena ndodo kuti chisagwedezeke, aphimbe bala ndi nsalu yoyera, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.